Mudzi Umene Unadzitsekera Khomo

Ambiri a ife amene tikukhala ku Britain dziko lino timalidziwira pa zenera la basi. Timadziwa msewu wa kuntchito, sitolo imene imagulitsa ufa ndi nyemba, ndiponso holo imene mpingo wathu umachita lendi pa Sabata. Midzi ija ya pa makalendala, ya nyumba zamiyala ndi nkhosa zili mbuu m'mapiri, timangoionera pa TV, chikhalirecho ina ili pafupi moti munthu akhoza kupita n'kubwerako tsiku lomwelo. Chotilepheretsa n'chodziwika. Ntchito zathu n'zamashifiti, lendi ndi yokwera, ndipo kumudzi kuli ana a abale amene akudikira fizi. Tsiku lopuma likangopezeka, foni imalira kuti kuntchito kwaperewera anthu, ndipo munthu ukawerengera ndalama ya shifitiyo m'makwacha, kukana kumavuta.

Ife timakhala mumzinda wa Sheffield, ndipo tonse awiri timagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Chaka chino tinagwirizana kuti m'mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsekera, titenge ana athu awiri tikakhale kunja kwa tawuni masiku atatu, kuyambira Lachisanu mpaka Sande. Tinasankha mudzi wa Eyam, umene eni ake amautchula kuti "Iim", m'chigawo cha Derbyshire, pamtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera kunyumba. Tinausankha chifukwa ndi pafupi, komanso tinapezako kanyumba ka lendi kokhala ndi khichini. Cholinga chathu chinali kukagona tulo tokwanira ndi kukapuma mpweya wabwino basi. Zimenezo tinazipeza, ndipo mudziwo unatiphunzitsanso nkhani ina yokhudza umoyo imene tikufuna kugawana nanu.

Kufika dzuwa lisanalowe

Kuchoka ku Sheffield msewu umakwera pang'onopang'ono, nyumba n'kumachepa, mpaka munthu umangozindikira uli pamwamba pa zitunda zopanda mitengo. M'mwezi wa Ogasiti zitundazi zimaoneka zapepo chifukwa cha timaluwa ta tchire lalifupi lotchedwa heather. Kumunsi kuli minda ya msipu yogawidwa ndi mipanda ya miyala yongosanjikiza, yopanda simenti kapena dothi, koma ina yakhala chiimire kwa zaka mazana. Dera lonseli ndi Peak District, malo oyamba ku Britain kukhazikitsidwa kukhala paki yotetezedwa ndi boma, m'chaka cha 1951. Paki yake ndi yosiyana ndi Liwonde kapena Kasungu. Muli midzi, masukulu ndi mafamu, ndipo tinjira ta oyenda pansi timadutsa m'minda ya anthu movomerezeka ndi lamulo.

Mudzi wa Eyam unamangidwa motsatira msewu umodzi wautali m'munsi mwa phiri. Nyumba zake n'zamiyala yotuwa, zitseko zazifupi, maluwa ali ngwee m'makhonde. Pakati pa mudzi pali tchalitchi cha St Lawrence, ndipo pabwalo pake pali mtanda wamwala wosemedwa zaka zoposa 1,000 zapitazo. Chapafupi pali nyumba yaikulu ya Eyam Hall ya m'zaka za m'ma 1670, ndipo moyang'anana nayo pali zigologolo zakale zimene ankamangiramo miyendo ya anthu olakwa. Ana ataziona anakumbukira msanga nkhani ya Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi.

Chakudya cha Sabata tinali titaphikiratu Lachinayi usiku: nyemba, mpunga, mbatata ndi masamba otendera, kuwonjezapo buledi wabulawuni ndi zipatso. Izi zinatipulumutsira ndalama zambiri, chifukwa kudyera m'malesitilanti a kumalo oyendako alendo n'kodula. Mafoni tinathimitsa n'kuwatsekera m'kabati. Nyengo imeneyi dzuwa limalowa 8 koloko itadutsa, choncho tinali ndi nthawi yokwanira yolongosola zonse. Sabata tinalitsegulira panja pakhomo, ndi nyimbo ziwiri ndi pemphero. Titamaliza kunali zii, kupatula kulira kwa nkhosa kumtunda. Usiku umenewo tinagona maola 8 osadzidzimutsidwa ndi alamu kapena siren ya ambulansi.

Mayina a pa zikwangwani

Sabata m'mawa, titamaliza phunziro la Sukulu ya Sabata patebulo la m'khichini, tinatuluka kukayenda. Pafupi ndi tchalitchi pali mzere wa tinyumba tokongola kwambiri m'mudzimo, ndipo mukukhalabe anthu. Kutsogolo kwake kuli zikwangwani zobiriwira zolembedwa mayina a amene anamwalira m'nyumbazo ndi masiku amene anamwalirira. Masikuwo ndi oyandikana mochititsa mantha.

M'chaka cha 1665 mzinda wa London unagwidwa ndi mliri wa makoswe umene unapha anthu pafupifupi 100,000. Chakumapeto kwa chilimwe chaka chimenecho, telala wa ku Eyam analandira mtolo wa nsalu wochokera ku London. Womuthandiza wake, George Viccars, atamasula mtolowo anapeza nsalu zili zachinyezi, ndipo anaziyanika pafupi ndi moto. M'nsalumo munali nthata zonyamula matendawo. Patangopita masiku ochepa Viccars anamwalira, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 Sepitembala 1665. Kenako anayamba kumwalira a m'nyumba imene ankakhala, n'kutsatira oyandikana nawo. M'nyengo yozizira mliriwo unachita ngati wazilala, koma kutayamba kutentha mu 1666 unabweranso mwamphamvu.

Anthu anayamba kumanga akatundu kuti athawire kumatawuni oyandikana nawo. M'busa wa mudziwo anali William Mompesson, mnyamata amene anali atangofikako mu 1664. M'mudzi momwemo munkakhalanso Thomas Stanley, m'busa wakale amene anachotsedwa paudindo chifukwa chokana kutsatira malamulo a boma okhudza kapembedzedwe, ndipo anthu ambiri ankamukhulupirirabe. Pa nkhani za chiphunzitso awiriwa sankamwerana madzi. Koma mu Juni 1666 anaimirira pamodzi n'kupempha anthu zinthu zitatu. Choyamba, banja lililonse liziika lokha maliro ake, pafupi ndi nyumba. Chachiwiri, tchalitchi chitsekedwe ndipo mapemphero azichitikira panja, mabanja ataima motalikirana. Chachitatu, pasapezeke wotuluka kapena wolowa m'mudzimo mpaka mliri utatha. Anthu anavomera, akudziwa bwino lomwe kuti kukhala kukanatha kuwatayitsa moyo.

Pamene munthu womaliza ankamwalira mu Novembala 1666, patatha miyezi 14 chiyambire mliriwo, mudziwo unali utataya anthu pafupifupi 260. M'mwezi wa Ogasiti wokha anamwalira oposa 70, ndipo mmodzi mwa iwo anali Catherine, mkazi wa m'busa Mompesson, amene anakana kusiya mwamuna wake n'kumathandiza nawo odwala. Manda ake alipobe pabwalo la tchalitchi. Mizinda ndi midzi yoyandikana nayo sinaone zimene Eyam anaona.

Maliro opanda adzukulu

Masana tinatsetserekera ku Cucklett Delf, kachigwa ka msipu kokhala ndi thanthwe loboola ngati khomo, kumene ankapempherera panja paja. Mpaka lero, Sande lomaliza la mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse anthu amasonkhana kumeneko kukumbukira omwalirawo. Tinakhala paudzu n'kuwerenga salmo, ndipo ana anatchola tizipatso takuda tofanana ndi mabulosi timene timamera m'mipanda ya minga nyengo imeneyi.

Kuchoka pamenepo tinayenda kupita chakum'mawa kwa mudzi, kumene kuli manda otchedwa Riley Graves. Ali pakati pa munda wa msipu, ozunguliridwa ndi mpanda waufupi wa miyala. Pamenepa mayi wina, Elizabeth Hancock, anaika mwamuna wake ndi ana ake 6 m'masiku 8 okha, mu Ogasiti 1666. Anthu amasimba kuti ankakumba yekha n'kukoka yekha mitembo, anthu a m'mudzi wa Stoney Middleton akumuona chapatali, osatha kuyandikira.

Mwana wathu wamkazi atawerenga mayinawo anafunsa kuti, "Amayi, nanga anthu sanabwere kudzagona pamaliro?"

Funso limeneli ndi la mwana woleredwa Chimalawi. Kwathu maliro salira banja limodzi. Uthenga ukangomveka, amayi amafika ndi nkhuni ndi ufa, abambo amayatsa moto panja, adzukulu amalawirira kukakumba, kwaya imachezera usiku wonse. Munthu wosapita kumaliro a anzake amadziwika mudzi wonse. N'chifukwa chake malamulo a mu 2020, pa nthawi ya COVID-19, anatipweteka kwambiri. Ambirife tinaika abale athu poonera pa foni, ndipo kuno tinaona okalamba amene timawasamalira akutsanzikana ndi ana awo pa zenera. Tinamuyankha mwanayo kuti anthuwo sanabwere chifukwa anagwirizana kutero, pofuna kuti manda ngati amenewa asachuluke. Mayi uja anasenza yekha katundu wa mudzi wonse kuti mabanja ena akhale ndi moyo.

Mwala wa pamalire

Sande m'mawa tinatsata kanjira kopita ku Stoney Middleton, kudutsa m'minda ndi kulumpha mipanda pa timasitepe tamiyala. Panjirapo pali mwala wotchedwa Boundary Stone, umene unali malire a mudzi pa nthawi ya mliri. Pamwamba pake pali timabowo 6. Anthu a ku Eyam ankathira viniga m'timabowomo n'kuponyamo makobidi, pokhulupirira kuti viniga akupha matenda. Anthu a kunja ankabwera kudzasiya chakudya ndi zinthu zina pafupi ndi mwalawo, n'kutenga makobidiwo. Kumpoto kwa mudzi kuli kachitsime kotchedwa Mompesson's Well kamene kankagwira ntchito yomweyo. Mfumu yachuma ya deralo, Earl of Devonshire wa ku Chatsworth, inkatumizanso chakudya ndi mankhwala.

Pamwalapa m'pamene tinaima nthawi yaitali. Nkhani ya Eyam imasimbidwa kawirikawiri ngati ya anthu amene anadzitsekera, koma mwalawu uli ndi mbali ziwiri. A mkati akanalephera kusunga lonjezo lawo pakanapanda a kunja obwera ndi chakudya mlungu ndi mlungu kwa miyezi yonseyo. Njala ikanawatulutsa. Wodwala anasunga malire, ndipo wamoyo sanaleke kufika pamalirepo. Paja akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Anthu amenewa sankadziwa chimene chinkawapha. Kachilombo koyambitsa mliri wa makoswe anadzakatulukira Alexandre Yersin mu 1894 ku Hong Kong, patatha zaka zoposa 200, ndipo lero matendawa amachizika ndi mankhwala a antibayotiki akapezeka msanga. Akatswiri ena amanenanso kuti kudzitsekera pamodzi ndi makoswe ndi nthata kuyenera kuti kunachulukitsa imfa m'mudzimo. Choncho sitikunena kuti zonse zimene anachita n'zoyenera kutengera lero. Chimene anachizindikira molondola n'chakuti matenda amayenda ndi anthu, ndipo munthu amene wawatenga ali ndi udindo pa anzake.

Mfundo imeneyi si yachilendo kwa wowerenga Baibulo. Pa Levitiko 13 wansembe ankapima munthu wokhala ndi nthenda ya pakhungu, n'kumupatula masiku 7, kenako n'kumupimanso. Pa Numeri 19 wokhudza mtembo ankayenera kusamba ndi kuchapa zovala asanasakanikirane ndi anzake. Pa Deuteronomo 23 muli lamulo lokwirira chimbudzi kunja kwa msasa. Buku la Levitiko lomwelo, pa chaputala 19, ndi limene limatilamula kukonda anzathu monga timadzikondera. Malamulo a ukhondo ndi lamulo la chikondi anaperekedwa pamodzi, kwa anthu amodzimodzi.

Malire a masiku ano

Kawirikawiri tikamakamba za uthenga wa zaumoyo timaganiza za thupi lathu lokha: zimene tikudya, zimene tikumwa, kuthamanga kwa magazi athu. Zonsezi n'zofunika. Koma umoyo wathu uli m'manja mwa anzathu, ndipo wa anzathu uli m'manja mwathu.

Kwa ife ogwira ntchito yosamalira okalamba, yesero lake limabwera m'mawa umene munthu wadzuka thupi likutentha, chifuwa chayamba, koma shifiti ilipo ndipo malipiro ndi a pa ola. Chimfine chimene ife chimangotigoneka masiku awiri chikhoza kusanduka chibayo kwa agogo a zaka 90. Ndiye chifukwa chake a zaumoyo kuno amalangiza kuti munthu amene akusanza kapena kutsekula m'mimba asapite kuntchito kapena kusukulu mpaka patadutsa maola 48 zizindikiro zitatha. Kutaya ndalama ya masiku awiri kumawawa, makamaka kumudzi akudikira. Komabe imeneyo ndi nsembe yaing'ono poyerekeza ndi ya anthu a ku Eyam.

Kutchalitchi nakonso yesero lilipo. Timakonda kugwirana chanza pakhomo tikaweruka, kudyera pamodzi masana, kusambitsana mapazi pa Mgonero. Ena amaona ngati kujomba Sabata limodzi chifukwa cha chimfine ndi kuchepa kwa chikhulupiriro, motero amabwera akutsokomola n'kukhala pafupi ndi makanda ndi amayi oyembekezera. Mompesson ndi Stanley anatseka tchalitchi, koma kupemphera sikunaleke. Amene watsala kunyumba kuti ateteze mpingo walemekeza Sabata. Chimodzimodzinso amene wakhala akutsokomola milungu iwiri kapena itatu n'kupita kukayezetsa TB, amene amasamba m'manja ndi sopo asanagawe chakudya pamaliro kapena pa misasa, ndi amene amapititsa ana ku katemera: onsewa akusamala anthu amene mwina sadzawadziwa n'komwe.

Tisaiwale mbali ina ya mwala ija. M'bale akadzipatula chifukwa cha matenda, ntchito ya mpingo yayamba kumene. Amayi a Dorika, madikoni ndi achinyamata akhoza kusiya poto wa phala kapena thumba la zogula pakhomo, kuimba foni madzulo, kutenga ana kupita nawo kusukulu, ngakhale kusonkherana pang'ono kuti lendi isamuthamangitsire kuntchito asanachire. Tikamauza anthu kuti wodwala akhale kunyumba koma osamufikira pakhomo, tamupatsa lamulo limene sangalikwanitse.

Kupuma nakonso ndi malire

Ulendo waufupi ngati uwu umafunanso kuika malire. Kuti tipite, tinayenera kukana mashifiti a masiku atatu ndi kuuziratu abale kuti mafoni adzakhala othimitsa. Pa Marko 6:31 Yesu anaitana ophunzira ake kuti apite kwa okha akapume, pa nthawi imene anthu ofuna thandizo anali ochuluka moti analibe mpata wakudya. Ntchito inali isanathe, ndipo ntchito yosamalira anthu siitha. Munthu wotopa ndi amene amasokoneza mankhwala, amawodzera pa chiwongolero, amakalipira ana pa zinthu zazing'ono. Kupuma kwathu kumateteza anthu amene timawasamalira. Sabata lenilenilo ndi mwala wa pamalire umene Mulungu anauika pakati pa masiku, kuti ntchito ifike pamenepa n'kuima.

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Mayi Ellen G. White anatchula zinthu 8 zothandiza thupi mwachilengedwe: mpweya wabwino, kuwala kwa dzuwa, kudziletsa, kupuma, kulimbitsa thupi, chakudya choyenera, madzi ndi kudalira Mulungu. M'masiku atatu aja tinazipeza zonse popanda kulipira china kupatula petulo ndi kanyumba. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa mlungu, ndipo ife tinazipitirira m'masiku awiri osazindikira n'komwe. Dzuwa nalo n'lofunika kwa ife a khungu lakuda okhala kuno, chifukwa matupi athu amachedwa kupanga vitamini D, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la ku Britain silikwanira kwa aliyense. A NHS amalangiza anthu a khungu lakuda kuganizira zomwa mamaikilogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse chaka chonse.

Kwa amene angafune kupitako, kuchokera ku Sheffield kuli mabasi, choncho galimoto si chofunika kwenikweni. Tengani nsapato zolimba ndi jekete ya mvula ngakhale kutacha bwino, chifukwa nyengo ya m'mapirimu siidalirika. Mukatsegula geti la m'munda muzilitsekanso kuti nkhosa zisatuluke. Mukamajambula tinyumba tija muzikumbukira kuti ndi makomo a anthu. M'mudzimo mulinso nyumba yosungiramo mbiri yakale, Eyam Museum, imene imafotokoza nkhani ya mliriwu mwatsatanetsatane, ndipo ana amaimva mosavuta. Amene ali kutali ndi Derbyshire akhoza kupeza malo abata pafupi ndi kumene akukhala, ngakhale kwa tsiku limodzi lokha.

Nyengo yozizira ikubwera, ndipo chimfine ndi chifuwa zibwera nayo. M'mpingo uliwonse mudzapezeka wina amene adzafunika kutsala kunyumba, ndi wina amene adzafunika kumusiyira chakudya pakhomo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. N'kwabwino kuti nkhaniyi tiikambirane m'mabanja ndi m'makomiti a mpingo panopa, tonse tidakali bwino, kuti tsikulo likadzafika aliyense adzadziwe chochita.